"Sisitimu yagwa": chomwe chimayendetsa bizinesi kuseri kwa kauntala

Aliyense amene adaimapo pa mzere ku banki kumapeto kwa mwezi amawadziwa mawu awa: "Pepani makasitomala athu, sisitimu yagwa." Ndalama zili m'nyumba momwemo, zotsekeredwa mu sefa. Ogwira ntchito onse alipo, aliyense pa mpando wake. Inuyo chitupa muli nacho, ndipo mukudziwa kuti malipiro alowa. Koma palibe amene angakupatseni ngakhale K500, chifukwa chasowa chinthu chimodzi chokha: kaundula wouza banki kuti pa mphindi imeneyo ndalama zanu ndi zingati. Popanda kaundula ameneyu banki yonse imauma manja.

Chomwe chagwacho akatswiri a zamalonda amachitcha information system, ife tidangofupikitsa n'kumati sisitimu. Ambiri akamva mawuwa amaganiza za kompyuta basi, pomwe kompyuta ndi chiwalo chimodzi chabe. Sisitimu ndi makina, mapulogalamu, zolembedwa, anthu olemba ndi owerenga, kuphatikizapo malamulo a pantchito onena kuti ndani alembe chiyani, alembe liti, ndipo ndani asainire. Mayi wa golosale ku Ndirande amene ali ndi buku la hadikava lolembamo ngongole, tsamba lililonse mwini wake, ali ndi sisitimu yathunthu. Wina akatenga sopo amalemba, mwezi ukamatha amawonkhetsa, ndipo amadziwa woyenera kumukumbutsa ndi woyenera kumukaniza. Bizinesi ikakula kufika mashopu 50 ndi antchito chikwi, bukulo silikwananso, koma mafunso sasintha. Talandira zingati? Tatsala ndi chiyani? Ndani sadatilipire? Mawa tipikule chiyani? Zolembedwa zoyankhira mafunsowa masiku ano timazitcha deta, ndipo isakusokonezeni ndi deta ya bandulo yomwe timagula pa foni. Pano tikunena manambala, mayina ndi madeti omwe bizinesi imasunga.

Kampani yoyamba padziko kugwiritsa ntchito kompyuta pa ntchito za tsiku ndi tsiku za bizinesi idali J. Lyons and Co. ya ku Britain, yogulitsa tiyi ndi makeke. Idadzipangira yokha kompyuta yotchedwa LEO, ndipo mu Novembala 1951 makinawo adayamba kuwerengetsa mtengo wa buledi ndi makeke otuluka m'mabekale ake. Pofika 1954 ankawerengetsanso malipiro a antchito ndi maoda. Mamanijala a mashopu ankanena pa foni masana zomwe akufuna mawa lake, LEO n'kuwerengetsa zoti ziphikidwe ndi zoti zikwezedwe m'galimoto iliyonse. Vuto la Lyons wogulitsa mandasi aliyense amalidziwa: ukakazinga ochepa makasitomala akagula kwa mnzako, ukakazinga ambiri agona, ndipo phindu pa limodzi ndi lochepa kwambiri moti ukaphonya pang'ono wadya mpamba.

Pansi penipeni: wolemba chinthu chikangochitika

Ophunzitsa zamalonda amasanja masisitimu ngati nyumba yosanjikizana, potengera amene akuwagwiritsa ntchito. Pansi pali ogwira ntchito za tsiku ndi tsiku, pakati mamanijala, pamwamba akuluakulu a kampani. Kusanja kumeneku kumathandiza kumvetsa, ngakhale m'kampani yeniyeni malire ake sachita kuoneka bwinobwino chonchi.

Ya pansiyo ndi transaction processing system, mwachidule TPS. Ntchito yake ndi kulemba chochitika chilichonse pa nthawi yomwe chachitika. Kashiya akadutsitsa paketi ya shuga pa makina a pa tilu, mukagula mayunitsi a magetsi pa foni, mukatapa ndalama pa ATM, ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba akakuikirani ndalama, ndi TPS yomwe yalemba. Safuna kuti ikhale ndi nzeru zapadera. Amafuna kuti ikhale yachangu, yosanama ndiponso yosagona.

Kusanama kumeneku n'kovuta kuposa momwe kukumvekera. Tinene kuti mukutumiza K20,000 kwa mayi anu kumudzi. M'kati mwa makina muli zochitika ziwiri, kuchotsa kwa inu ndi kuwonjezera kwa iwo. Nanga netiweki ikaduka pakati pa ziwirizi? TPS yomangidwa bwino imayendera lamulo loti zichitike zonse kapena pasachitike chilichonse: gawo lachiwiri likakanika, loyambalo limabwezedwa. Palinso lamulo loti anthu awiri ogula nthawi imodzi asagulitsidwe mpando umodzi wa ndege, ndi lina loti chomwe chatsimikizidwa chisafufutike magetsi akathima. Malamulo amenewa ndiwo amachititsa munthu kuvomera kuti manambala ooneka pa foni ndi ndalama zenizeni, n'kupereka mbuzi yake ataona meseji yokha.

Pa 26 Juni 1974, m'sitolo ya Marsh mumzinda wa Troy ku Ohio, kashiya adadutsitsa pa makina paketi ya chingamu cha Wrigley. Aka kadali koyamba kuti katundu agulitsidwe powerenga timizeremizere ta barcode tomwe lero tili pa chilichonse. Eni masitolo ankangofuna kufupikitsa mizere pa tilu ndi kuchepetsa kulakwitsa mitengo. Mphatso yaikulu idabwera chakumbali. Kale tilu inkangodziwa ndalama zomwe zalowa. Tsopano sitolo idayamba kudziwa chinthu chenicheni chomwe chagulidwa, ola lake, komanso chomwe chagulidwira limodzi.

Mfundo iyi muigwiritsitse, chifukwa zonse zotsatirazi zatsamira pomwepa. Masisitimu a pamwamba sapita kumunda, amadya zomwe TPS yakolola. Kalaliki wa ku nkhokwe akalemba matumba 100 pomwe alowa 90, kapena akasiya kulemba mpaka Lachisanu chifukwa chotanganidwa, cholakwikacho chimakwera masitepe onse mpaka pa tebulo la mabwana, ndipo chikamafika kumeneko chimakhala chili m'tchati chokongola choti palibe angachikayikire. Nkhuyu zodya mwana zidapota akulu. Chomwe chimandiwawa n'choti wolemba pansiyo kawirikawiri ndiye wolandira zochepa, wophunzitsidwa mothamanga, ndipo palibe amene amakhala naye pansi kumufotokozera kuti nambala yomwe akulembayo ikathera kuti.

Malipoti, ndi funso loti "nanga zitati..."

Pamwamba pa TPS pali management information system, kapena MIS. Iyi imatenga zikwizikwi za zolembedwa n'kuzifinya kukhala malipoti a sabata kapena a mwezi: shopu ya ku Mzuzu yagulitsa zingati poyerekeza ndi bajeti, ndi katundu uti wakhalitsa pa shelefu, ndi makasitomala ati apitirira masiku 60 osalipira. MIS yabwino simukhuthulira manijala masamba 40. Imamulozera malo atatu okha omwe zinthu zapatuka. Malire ake ndi oti imayang'ana kumbuyo. Imakuuzani zomwe zidachitika, osati chochita.

Mu 1971 akatswiri awiri a ku yunivesite ya MIT ku America, Anthony Gorry ndi Michael Scott Morton, adaonetsa kuti nkhani zomwe mamanijala amagamula si zamtundu umodzi. Zina njira yake ndi yodziwikiratu, monga kuwerengetsa msonkho wa PAYE, ndipo makina angamalize okha. Zina zili theka masamu, theka nzeru za munthu: titsegule shopu ku Karonga kapena ayi, tikweze mtengo lero kapena tidikire. Zoterezi ndi zomwe decision support system, DSS, imathandizira. Mumaiuza momwe bizinesi yanu imayendera, kenako mumasintha nambala imodzi n'kuona zomwe zigwedezeke. Nanga dizilo atakwera? Nanga mvula itachedwa, alimi n'kuchepetsa feteleza?

Chitsanzo chake tili nacho pafupi. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti nthawi imodzi. Woitanitsa katundu kunja amene adali atayeseratu funso limeneli pa kompyuta akadatha kudziwa tsiku lomwelo kuti ndi katundu uti ayenera kusintha mtengo, ndi ngongole iti ya madola yomwe yamukulira. Mnzake woyendera lipoti la mwezi watha akadapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale, n'kusangalala kuti malonda ayenda, mpaka tsiku lokaodanso pomwe akadapeza kuti ndalama za makatoni 100 zikungogula pafupifupi 70. DSS siyenera kukhala yodula. Yofala kwambiri padziko ndi tebulo la manambala la pa kompyuta, lomwe lidayamba ndi VisiCalc mu 1979 ndipo lero ambiri timalidziwa ngati Excel. Koma yankho lake limangotsata zomwe mwaiuza. Mukaiuza zolota, idzakuwerengetserani malotowo mwaukhondo.

Pamwamba penipeni pali executive information system, yomwe masiku ano imaoneka ngati dashboard: tsamba limodzi la manambala ochepa ndi mitundu yofiira, yachikasu ndi yobiriwira, lophatikiza za m'kati mwa kampani ndi za kunja monga mitengo ya opikisana nawo. Ubwino wake ndi woti bwana akaona pofiira angathe kutsika yekha kuchokera ku dziko lonse kufika ku chigawo, ku shopu, mpaka pa lisiti limodzi, osadikira womuuza, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Kuopsa kwake ndi koti chomwe sichili pa tsambalo chimakhala ngati kulibe, ndipo antchito akazindikira nambala yomwe bwana amayang'ana, amayamba kugwirira ntchito nambalayo.

Pamene dipatimenti iliyonse ili ndi choonadi chake

Makampani ambiri sadagule masisitimu awo tsiku limodzi. A maakaunti adagula pulogalamu yawo, a ku nkhokwe yawo, ogulitsa yawo, oyang'anira antchito yawo. Zotsatira zake aliyense amene adakhalapo pa msonkhano wa mamanijala amazidziwa. Ogulitsa akuti tatsala ndi makatoni 500, a ku nkhokwe akuti 420, a maakaunti akuti 460, ndipo msonkhano womwe umayenera kukambirana chochita umatha anthu akukangana kuti nambala yoona ndi ya yani.

Mankhwala a nthenda imeneyi ndi enterprise resource planning, ERP. Ganizo lake ndi lapafupi: kampani yonse itunge pa chitsime chimodzi. Kasitomala akapereka oda, ilembedwe kamodzi kokha, ndipo nthawi yomweyo katundu wa ku nkhokwe asungidwire iyeyo, ogula zipangizo adziwe kuti zachepa, invoisi ituluke, mabuku a maakaunti asinthe, fakitale ione choti ipange sabata yamawa. Mizu yake ili m'mafakitale a m'ma 1960, omwe ankagwiritsa ntchito makompyuta kuwerengetsa zipangizo zofunika popanga katundu. Mu 1972 anthu asanu omwe adasiya ntchito ku IBM adayambitsa SAP, kampani yopanga mapulogalamu otere, ku Germany, ndipo dzina loti ERP lidaperekedwa ndi kampani yofufuza ya Gartner mu 1990. Lero pambali pa SAP pali Oracle, Microsoft Dynamics, Sage, Odoo ndi ena, aliyense ndi msinkhu wa makasitomala ake.

Koma walira mvula walira matope. ERP imabwera ndi kagwiridwe kake ka ntchito komangidwira m'kati, ndiye pali njira ziwiri zokha: kampani isinthe chizolowezi chake kuti chigwirizane ndi pulogalamu, kapena pulogalamu iphwasulidwe kuti igwirizane ndi kampani. Yoyambayo imawawa anthu, yachiwiriyo imadya ndalama mosaona polekezera. Lidl, kampani ya masitolo ya ku Germany, idayamba kuika SAP mu 2011. Iyo idazolowera kuwerengera katundu wake pa mtengo wogulira, pomwe pulogalamuyo idamangidwa kuti iziwerengera pa mtengo wogulitsira. Lidl idasankha kusintha pulogalamu, ndipo mu 2018 idasiya ntchito yonseyo, itaononga ndalama zomwe manyuzipepala adati ndi pafupifupi mayuro 500 miliyoni. Hershey, yopanga chokoleti ku America, idalakwa pa nthawi. Idayatsa mapulogalamu atatu atsopano limodzi mu Julayi 1999, pomwe maoda a nyengo ya Halloween ndi Khirisimasi ankayamba kusefukira. Chokoleti chidali mbwee m'nkhokwe, koma sisitimu sinkatha kuchitumiza, ndipo maoda a madola pafupifupi 100 miliyoni adalephera kufika m'masitolo. Zili ngati kampani ya feteleza kusankha Okutobala kukhala mwezi wophunzirira makina atsopano.

Pali chinthu china chomwe ogulitsa mapulogalamu satchula kawirikawiri. ERP imalanda anthu maufumu awo ang'onoang'ono. Mkulu wa ku nkhokwe amene kwa zaka 20 adali yekhayo wodziwa komwe kuli chiyani, mwadzidzidzi aliyense akuona zomwe ankaona yekha. Manijala amene ankatsitsira mnzake mtengo pakamwa, tsopano makina akufuna siginecha ya wina. Ena amakana chifukwa adali ndi chobisa, koma ambiri amakana chifukwa cha mantha oti satha kuphunzira, kapena chifukwa akudziwa chinachake chokhudza ntchitoyo chomwe alendo obwera ndi malaputopu sadafunse. Kampani yosapatula nthawi yosiyanitsa magulu amenewa imadzapeza kuti anthu akulowetsa manambala mu ERP pongokwaniritsa lamulo, ntchito yeniyeni ikuchitikirabe m'kabuku ka m'dirowa.

Kusuzumira kunja kwa mpanda

Masisitimu ena amayang'ana kunja kwa kampani. Customer relationship management, CRM, imasunga mbiri ya kasitomala aliyense: adagula chiyani, adadandaula chiyani, adalonjezedwa chiyani ndipo adamulonjeza ndani. Tesco ya ku Britain itayambitsa khadi lake la Clubcard mu 1995, makasitomala ankaona ngati ndi njira yopezera mapointi. Kwa Tesco, khadilo lidalumikiza lisiti ndi munthu, ndipo chaka chomwecho idapitirira Sainsbury's n'kukhala sitolo yaikulu ya zakudya m'dzikolo. Ku bizinesi yaing'ono phindu la CRM ndi lapafupi kwambiri: wogulitsa wanu akasiya ntchito, makasitomala asapite naye m'foni mwake. Msuweni wake wa CRM ndi sisitimu yosunga nzeru za pantchito, yoti makaniko wakale akapuma, zomwe ankadziwa za makina a fakitale zisapite naye kumudzi.

Supply chain management, SCM, imalumikiza kampani ndi oiperekera katundu. Kufunika kwake kumaoneka bwino pa zomwe Procter & Gamble idazindikira pa matewera a Pampers. Makanda amagwiritsa ntchito matewera mofanana chaka chonse, koma maoda ofika ku fakitale ankakwera ndi kutsika modabwitsa. Chifukwa chake n'choti sitolo ikaona kuti malonda akwera pang'ono, imaoda moonjezera poopa kuperewedwa; wopikulitsa akaona oda yaikuluyo, naye amaonjezera pake; pofika ku fakitale, kamphepo kasanduka namondwe. Kenako onse amapezeka ndi katundu wambiri, n'kusiya kuoda nthawi imodzi. Aliyense ankachita zanzeru malinga ndi zomwe ankaona, koma ankangoona oda ya woyandikana naye, osati zomwe zikugulidwa pa tilu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Walmart, kampani ya masitolo ya ku America, idayamba kuonetsa Procter & Gamble manambala a malonda ake mwachindunji, kuti opanga matewerawo azidziwa okha nthawi yotumiza ena. Mu 1987 idali itamaliza kulumikiza masitolo ake onse pa setilaiti, ndipo pambuyo pake idatsegulira khomo lomweli operekera katundu ena kudzera mu Retail Link.

Kodi sisitimu ingapambanitse kampani?

Mpaka apa takamba za kuyendetsa ntchito bwino. Funso lalikulu ndi loti kodi sisitimu ingasinthe amene akutsogola pa msika. Nkhani yomwe imayankha bwino ndi ya American Airlines.

Mu 1953 mkulu wa kampaniyi, C. R. Smith, adakhala moyandikana m'ndege ndi wogulitsa makina wa IBM, R. Blair Smith. Nthawi imeneyo kusungitsa mpando kunkachitika pa makadi a pepala ndi mafoni, ndipo ndege zikachuluka makalaliki ankalephera kutsatira. Kucheza kwa awiriwa kudabala SABRE, yomwe idayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1964. Poyamba idali TPS wamba yolembera mipando. Kusintha kudabwera mu 1976, pomwe American idayamba kuika makina a SABRE m'maofesi a maejenti ogulitsa matikiti. Makinawo ankaonetsa ndege za makampani onse, koma za American zinkakhala pamwamba, ndipo ejenti wotanganidwa amasankha zomwe waona koyamba. Kauntala yomwe opikisana nawo ankagulitsirapo idasanduka ya American. Zidafika poti mu 1984 boma la America lidaletsa kukondera kotereku.

Chida chachiwiri chidali zaka zambiri za zolembedwa. Kampani yatsopano ya People Express itabwera ndi matikiti otchipa kwambiri, American idayankha mu 1985 ndi mitengo yotsika mofanana, koma pa mipando yokhayo yomwe mbiri inkaonetsa kuti ikadauluka yopanda munthu, ndiponso kwa ogula nthawi idakalipo. Mipando ina idasungidwira a bizinesi ogula mochedwa pa mtengo wonse. People Express idalibe sisitimu yosiyanitsira mipando chonchi, choncho inkagulitsa ndege yonse motchipa pomwe American inkatchipitsa zotsala zokha. Pofika 1987 idali itamezedwa ndi Continental, ndipo woiyambitsa, Donald Burr, adavomereza pambuyo pake kuti luso limeneli la American ndi lomwe lidawagwetsa.

Mu 2003 Nicholas Carr adalemba m'magazini ya Harvard Business Review mfundo yomwe idakwiyitsa ogulitsa makompyuta. Iye adati luso la makompyuta likutsata njira ya magetsi ndi njanji: pachiyambi woyamba kukhala nalo amapambana, koma aliyense akakhala nalo limasanduka chofunika wamba, chosapambanitsa munthu. Kwa ine, Carr adalondola pa chilichonse chogulidwa ndi ndalama. Pulogalamu yomwe mwagula lero mnzanu agula mawa, makamaka masiku ano pomwe zambiri zimangobwerekedwa pa intaneti n'kumalipira pamwezi. Banki yokhala ndi ATM siposa inzake. Yopanda ATM ndiyo imatsekedwa. Koma pali zinthu zosapezeka pa shelefu: zolembedwa zolondola za zaka 20, antchito ozolowera kulemba zoona ngakhale zili zochititsa manyazi, operekera katundu amene mumakhulupirirana nawo mpaka kuonetsana mabuku, ndi mabwana olola kusintha maganizo nambala ikawatsutsa. Kmart, yopikisana ndi Walmart, nayo idali ndi makompyuta ndi ma barcode, koma mu 2002 idakadzipereka kukhoti kuti ngongole zaikulira, Walmart ikunkabe patsogolo.

Mfundo ya mabwana olola kutsutsidwayi ikuoneka bwino pa M-Pesa. Poyeserera mu 2005 ku Thika m'dziko la Kenya, cholinga chidali choti anthu azibwezera pa foni ngongole za bungwe lobwereketsa ndalama la Faulu. Oyendetsa ntchitoyo atayang'ana zolembedwa adaona kuti anthu akuchita zina: akutumizirana ndalama okhaokha, akulipirana pa malonda, ena akuika ndalama pa foni asadanyamuke ulendo n'kukazitapa akafika. Safaricom, kampani ya mafoni ya m'dzikolo, idatsata zomwe idaonazo, ndipo mu Malichi 2007 idakhazikitsa M-Pesa ngati njira yotumizira ndalama kumudzi. Mu 2012 mbiri ya momwe munthu amagwiritsira ntchito foni yake idasanduka chikole: M-Shwari, yomwe Safaricom idayambitsa ndi Commercial Bank of Africa, idayamba kubwereketsa ndalama kwa anthu opanda malo kapena payslip yoonetsa ku banki. Kampani ya mafoni idalowa m'munda wa mabanki kudzera pa khomo la TPS. Kuno Airtel Money idafika mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo nafenso tsiku lililonse tikulemba mbiri yathu m'makina a makampani, ambiri osadziwa kuti mbiriyo ili ndi mtengo.

Khoswe pa mkhate

Sisitimu ikakhala chitsime chimodzi cha bungwe lonse, wothira chiphe m'chitsimecho wapha mudzi. Ife a Malawi izi tidaziona ndi maso. Kuyambira 2005 boma linkalipira kudzera mu IFMIS, yomwe kwenikweni ndi ERP ya boma, ndipo chimodzi mwa zolinga zake chidali kutseka mipata yobera. Mu Seputembala 2013, mwezi womwe mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma adawomberedwa ku Lilongwe, apolisi adayamba kupeza ndalama zankhaninkhani m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Ofufuza a Baker Tilly a ku Britain adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala chaka chimenecho. Njira yake sidali yozama. Anthu okhala ndi chilolezo cholowera m'sisitimu ankalowetsa malipiro a makampani omwe sadaperekepo katundu aliyense, cheke n'kutuluka, n'kukatapidwa, kenako cholembedwacho n'kufufutidwa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mayiko othandiza adaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, ndipo ululu wake udakafika kwa anthu omwe dzina loti IFMIS adali asadalimvepo.

Chomwe Cashgate imaphunzitsa wogula sisitimu aliyense chili pa mawu oti kufufuta. M'sisitimu ya ndalama yomangidwa bwino, cholembedwa chikatsimikizidwa sichichotsedwa. Cholakwika chimakonzedwa polemba china chochibweza, ndipo ziwiri zonse zimatsala, chilichonse ndi dzina la wolemba ndi ola lake. Wolowetsa malipiro asakhale yemweyo wovomereza, wovomereza asakhale yemweyo woyerekeza mabuku ndi sitetimenti ya ku banki, ndipo pasiwedi isamabwerekanidwe ngati cholembera. Malamulo amenewa amachedwetsa ntchito, n'chifukwa chake ndi oyamba kupondedwa bwana akati zichitike lero lomwe.

Ngozi ina ndi yotembenuza imeneyi: kukhulupirira makina kuposa anthu. Mu 1999 Post Office ya ku Britain idayamba kuika m'nthambi zake sisitimu ya maakaunti yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani yomwe idali pansi pa Fujitsu ya ku Japan. Posakhalitsa makinawo adayamba kuonetsa kuti m'nthambi zina ndalama zaperewera. Mgwirizano wa ntchito unkati woyendetsa nthambi abweze yekha chilichonse chosowa. Akaimba foni kudandaula kuti manambala akusintha okha, ambiri ankauzidwa kuti vutoli lili kwa iwo okha. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 adapezeka olakwa pa milandu ya kuba, chinyengo kapena kulemba maakaunti abodza. Ena adalowa m'ndende, ena adagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zomwe sizidasowe n'komwe, ena adanyozedwa m'midzi yomwe adaitumikira zaka zambiri. Gulu la anthu 555, motsogozedwa ndi Alan Bates, lidatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu lidapeza kuti Horizon idali ndi zolakwika zotha kupangitsa ndalama kuoneka ngati zasowa, komanso kuti akatswiri a Fujitsu ankatha kusintha maakaunti a nthambi ali kutali, zomwe Post Office idakhala ikukana kwa zaka. Mu 2021 khoti la apilo lidafafaniza milandu ya anthu 39, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo idachita kukhazikitsa lamulo lapadera lofafaniza milandu ya mazana ena otsala. Pofika nthawi imeneyo ena mwa oimbidwa milanduwo adali atamwalira kale, mayina awo asadayeretsedwe.